Nduna ya Moto Ipume Kaye

Paliponse pamene pakuwotchedwa nyama, kaya ndi pa chinkhoswe, pa phwando la kumapeto kwa chaka kapena kuseri kwa nyumba Loweruka masana, sipalephera kupezeka bambo mmodzi wodzisankha yekha kukhala nduna ya moto. Mumamudziwira kachikatoni kamene kali m'manja mwake. Nyama sanagule, makala sanasonkhe, koma mphindi zisanu sizitha asanavundukule, kusuzumira, kupukusa mutu, kukhuthulira makala ena ndi kukupiza mpaka phulusa litagwera m'mbale za anthu. Pa kanyenya wamba, wa tizidutswa topsa m'mphindi 10, khalidweli n'lopiririka. Nyama ikapserera pang'ono, tsabola amabisa mlandu. Chondisowetsa mtendere n'chakuti nduna yomweyi masiku ano yaonera mavidiyo a ku America pa foni, yaona anthu akuwamba nyama usiku wonse mumgolo wotseka, yakapangitsa mgolo wake kwa owotcherera zitsulo, ndipo ikuganiza kuti ntchito ya maola 12 ndi kanyenya yemwe uja, wongotalikitsa. Maganizo amenewa amatha thumba la makala, nyama n'kutuluka yowawa kunja, yolimba m'kati. Moto wa maola ambiri umamvera mpweya umene ukulowa mumgolomo, ndipo wothirathira makala akulimbana ndi chinthu chosalakwa.

Tione kaye chimene anzathu a ku Texas, ku Kansas City ndi ku Carolina amafuna akamachezera pamoto. Nyama imene amanyadira kwambiri ku Texas ndi brisket, ya pachifuwa cha ng'ombe, mnofu umene umanyamula thupi la nyamayo moyo wake wonse. Ndi yodzaza timitsempha tolimba, moti mukaiponya pamoto waukali mudzatafuna mpaka nsagwada zitatopa. Timitsemphato timasungunuka pokhapokha nyama ikakhala nthawi yaitali pa kutentha kofatsa, ndipo aliyense amene anaphikapo mang'ina akudziwa zimenezi: msuzi wonanda uja ndi timitsempha tomweto titagonja. N'chifukwa chake iwo amasunga mgolo pa madigiri pakati pa 107 ndi 121, kwa maola 10, 12, mwina kuposa, kufikira m'kati mwa nyama mutafika madigiri 93 kapena 95. Vuto lili apa. Mulu wa makala ukayatsidwa wonse nthawi imodzi pamtetete, umatentha kuwirikiza kangapo kuposa pamenepo, ndipo pakatha maola awiri watsala phulusa. Luso lonse la ntchitoyi ndi kunyengerera mulu wofuna kupsa wonse msangamsanga kuti uyende pang'onopang'ono mpaka kutacha.

Yankho lili m'chilengedwe cha khala lenilenilo, ndipo anthu amene amalidziwa bwino kuposa ophika ndi amene amaotcha makala kutchire. Iwo amaunjika mitengo, kuikwirira ndi udzu ndi dothi, kuyatsa mbali imodzi, kenako kumangolondera timabowo. Mtengo womanidwa mpweya umataya madzi, phula ndi mipweya ina, n'kutsala wakuda, wopepuka. Uvuni ukang'ambika usiku iwo ali m'tulo, m'mawa amapeza phulusa m'malo mwa katundu. Khala lotuluka m'menemo lilibenso zambiri zoti ziyake ngati lawi. Limanyeka pakhungu pake pokha, ndipo liwiro la kunyekako limadalira mpweya umene walikhudza. Mukalitsekera mumgolo wokhala ndi kabowo kamodzi pansi, silingatenthe kuposa mmene kabowoko kakulolezera. Ikani makilogalamu 3 kapena makilogalamu 6, kabowo kakakhala komweko, choyezera kutentha chidzaima pafupifupi malo amodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mulu waukulu udzakufikitsani kutali. Kuchuluka kwa makala kumanena za maola. Kutentha n'nkhani ya kabowo. Nduna ya moto imasokoneza ziwirizi, ndiye ikaona kutentha kwatsika imathamangira thumba, pamene chofunika chinali kusuntha kachitsulo ndi chala chimodzi.

Amene dzina lake linamatirira ku nzeru imeneyi ndi Jim Minion, wopikisana nawo pa mipikisano yowamba nyama kumpoto chakumadzulo kwa America. Mu 1999, akugwiritsa ntchito mgolo wa Weber Smokey Mountain, sanatsate njira yoyatsa makala onse n'kudikira kuti moto uzirale. Anadzaza malo a makala ndi makala osayatsa, anayatsa ochepa chabe pambali, n'kuwathira pamwamba pa muluwo. Kuyambira pamenepo njirayi imadziwika ndi dzina lake, ndipo ophika osawerengeka amagona tulo tawo mgolo ukugwira ntchito maola 10 kapena kuposa popanda kuwonjezera khala n'limodzi lomwe. Akuluakulu athu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Iwo ankachenjeza munthu woseka tsoka la mnzake, koma mwambiwu ndi woona ngakhale pamoto weniweniwo, ndipo ine sindidziwa malangizo ena owambira nyama oposa amenewa. Moto sufuna woutsogolera. Mukaukonzera tchire, udzalipeza wokha, khala ili likuyatsa linzake loyandikana nalo. Ena anaitengera patali nzeruyi: m'chiwaya chozungulira chokhala ndi chivundikiro, cha mtundu umene George Stephen anapanga ku Chicago mu 1952, amandandalika makala m'mphepete ngati mzere wokhota, awiriawiri m'lifupi, n'kuyatsa kumutu kokha. Moto umakwawa ndi mzerewo, ndipo kutalika kwa mzere ndiko kumanena nthawi imene udzafike kumchira. Tizidutswa ta nkhuni zonunkhira amatiika motalikirana pamwamba pa mzerewo, kuti utsi uzibwera mwa apo ndi apo.

Tsopano ganizirani chimene chimachitika nduna ikavundukula. Choyamba kutentha kumene mgolo unasonkhanitsa kwa ola lathunthu kumathawa, choyezera n'kutsika. Nduna imaona kutsikako n'kunena kuti moto wafooka. Koma nthawi yomweyo mpweya wochuluka wagwera pa makala amene anali kupuma movutikira, ndipo ambiri amene anayenera kudikira mpaka pakati pa usiku ayaka tsopano. Chivundikiro chikabwerera, kutentha kumakwera kupitirira pamene kunali. Apa nduna imachita mantha ena, imatseka zibowo zonse, cha pansi ndi cha pamwamba chomwe, moto n'kuyamba kutsamwa ndi kufuka utsi woyera wokhuthala, umene umasiya mwaye wowawa pa nyama. Kenako imatsegulanso. Usiku wonse umathera m'kukankhana kotere, munthu akuthamangitsa vuto limene akulibala yekha. Odziwa ntchito amasiya chibowo cha pamwamba chili chotsegula kuti utsi uzituluka usanakalambe, ndipo amalamulira ndi cha pansi chokha. Amayamba kuchichepetsa kutentha kukadali kukwera, kusanafike pamene akufuna, chifukwa kukweza moto n'kosavuta koma kuutsitsa makala atayaka kale ndi ntchito ya ola. Akasuntha kachitsulo, amadikira mphindi 15 kapena 20 asanaweruze, pakuti chitsulo ndi makala sizimva msanga. Ndipo kusiyana kwa madigiri 10 uku kapena uku sakuwerengera n'komwe. Nyama ya makilogalamu 5 siizindikira zimenezo.

Pali nthawi ina imene ngakhale munthu wodekha amayesedwa. Pakatha maola angapo, m'kati mwa nyama mukafika madigiri 65 kapena 70, kutentha kwake kumaima. Ola limatha, lachiwiri, nthawi zina lachinayi, nambala ili pomwepo. Kwa zaka zambiri ophika ankati ndi mafuta kapena timitsempha tikusungunuka. Katswiri wa sayansi Greg Blonder anaonetsa kuti chifukwa chake n'chapafupi: nyama ikutuluka thukuta, ndipo madzi akamauma pakhungu pake amaiziziritsa mofanana ndi mmene moto ukuitenthera. Madzi a pamwambawo akachepa, nambala imayambanso kukwera yokha. Wofuna kufulumira amakulunga nyama m'pepala lochindikala kapena m'chitsulo chopyapyala chokulungira chakudya, kuti madzi asiye kuuma. Thumba la makala lilibe mbali pa nkhaniyi, koma ndi pa ola limeneli pamene makala ambiri amawonongeka m'manja mwa anthu oganiza kuti moto wawakana.

Alipo amene angatsutse, ndipo mfundo yawo yoyamba si yopepuka. Tonse tinaphunzira kuti nyama siikidwa pamakala asanayere, chifukwa makala ongoyamba kuyaka amanunkha. Nanga njira ya Minion, imene makala amakhala akuyamba kuyaka usiku wonse pansi pa nyama, siikuphwanya lamulo lomweli? Ikuphwanya ndithu, koma lamulolo linapangidwira zinthu zina. Mulu wonse wozizira ukamayaka nthawi imodzi, utsi wake ndi wambiri ndi wonyowa. Mumgolo wotentha kale, makala odikira amakhala atauma ndi kufunda kwa maola, amayaka ochepaochepa, ndipo kautsi kawo kamadutsa pa makala ofiira kasanafike pa nyama. Umboni ndi wakuti anthu akhala akupambana mipikisano ndi njirayi pamaso pa oweruza amene ntchito yawo ndi kununkhiza ndi kulawa. Pamene wotsutsayo akunena zoona zokhazokha ndi pa makala onyikidwa m'mafuta oyatsira, amene amagulitsidwa kuti azigwira ndi machesi amodzi; amenewo mumgolo wotseka ndi chipongwe. Ndipo poti tafika pamenepa, ndiloleni ndidandaule za chizolowezi chathu choyatsira mbaula ndi majumbo. Munthu wamkulu, wa ana ake, amasungunulira pulasitiki pa makala, utsi wakuda uli tolo, kenako n'kuikapo chimanga choti ana omwewo adye. Ena amathira parafini. Pepala, timitengo touma ndi chitini chobowola pansi zimayatsa makala m'mphindi 20 popanda fungo lililonse, ndipo chitinicho n'chimodzimodzi ndi chimene a ku America amagula m'sitolo ndi ndalama zawo.

Mfundo yachiwiri ndi yochokera ku Texas komweko. Wina adzati: Aaron Franklin wa ku Austin, amene anthu amaima pamzere maola ambiri kuti alawe brisket yake, amenenso analandira mphoto ya James Beard mu 2015, iye ndi antchito ake sagona; amaponya chikuni pamoto kangapo pa ola. Kodi iyeyo ndi nduna ya moto? Ayi, chifukwa iye sawotcha makala. Amawotcha nkhuni za mtengo wa oak m'bokosi la moto lolumikizidwa kumbali kwa thanki yaikulu imene muli nyama. Nkhuni zikadali ndi zonse zija zimene woumba uvuni amazichotsa, ndipo kuti zinthuzo zipse bwino pamafunika lawi ndi mpweya wambiri. Mukazimana mpweya zimafuka, nyama n'kuwawa. Ndiye wa nkhuni sangatsitse kutentha potseka chibowo. Amakutsitsa posunga moto waung'ono, wowala, umene amaudyetsa pang'onopang'ono. Kumeneko n'koona kuti kuchuluka kwa nkhuni ndiko kumalamulira. Koma taonani kuti ngakhale iye, chitseko chimene amatsegula kawirikawiri ndi cha bokosi la moto. Cha nyama amachisiya. Kutengera khalidwe la wa nkhuni n'kupita nalo pa mgolo wa makala ndiko kulakwitsa kumene mavidiyo a pa foni salongosola, poti munthu woponya chikuni pa lawi amaoneka bwino pa kanema kuposa mgolo wotseka umene palibe akuukhudza.

Mfundo yachitatu ndiyo yolimba kuposa zonse, ndipo ikutikhudza ife. Njira ya Minion inakulira pa makala oumba, ofanana msinkhu ngati anabadwa tsiku limodzi. Mbiri yawo ndi yochititsa nsanje: m'zaka za m'ma 1920 Henry Ford anali ndi macheka ku Iron Mountain m'chigawo cha Michigan, ocheka matabwa a galimoto zake za Model T, ndipo zinyenyeswa zotsala ankazisandutsa makala, kuzipera, kuzisakaniza ndi phala lomatira n'kuziumba. Kampani ya makalayo itagulitsidwa mu 1951 inatchedwa Kingsford, dzina la mbale wa Ford amene anamuthandiza kupeza malowo. Makala a m'thumba la pamsewu sali choncho. Muli chigodo chonga chibakera, muli timiyala, muli fumbi, mulinso zina zosapsa bwino zimene zimafuka ngati chikuni. Mukangokhuthula mmene zabwereramo, pamatsala mipata imene moto sungalumphe, kapena fumbi limatseka njira ya mpweya, moto n'kufa pakati pa ulendo. Wotsutsa akunena zoona kuti makala otere sadalirika mofanana. Koma mankhwala ake ndi ntchito ya madzulo, moto usanayatsidwe: kuswa zazikulu, kusefa fumbi, kutaya zosapsa, kugwedeza dengu la makala kuti agundane bwino. Ndipo ali ndi ubwino wawo, chifukwa amasiya phulusa lochepa kusiyana ndi oumba. Phulusa ndiye mdani wobisika wa ola lachisanu ndi chitatu. Limakuta makala, limatseka mipata ya sefa ya pansi, kutentha n'kumatsika ngakhale makala alipo ambiri. Kugogoda pang'ono miyendo ya mgolo, kapena kutakasa mofatsa kudzera pa kachitseko ka m'mbali, kumabweza moto popanda khala latsopano.

Sindikunena kuti makala sawonjezeredwa konse. Usiku wa mphepo, wa mvula kapena wozizira ngati wa mu June umadya makala ambiri, ndipo beseni la madzi limene ena amaika pakati pa moto ndi nyama kuti kutentha kusalumphelumphe nalonso limadya gawo lake. Ikafika nthawi yoti zibowo zili zotsegula zonse, phulusa lagwedezedwa, koma kutentha kukutsikabe, pamenepo tchire latha ndithu. Wonjezerani kamodzi, mokwanira, akadalipo makala ofiira oti ayatse anzawo, ndipo mutseke msanga. Komanso musapusitsidwe n'kuganiza kuti kutsitsa moto kwambiri ndiko kusunga makala: nyama yokhalitsa pa madigiri a pakati pa 5 ndi 60 ndi munda wa tizilombo toyambitsa matenda. Amene ali ndi ndalama masiku ano amagula timakina tokhala ndi choyezera kutentha ndi kafani kakang'ono, tomangirira pa chibowo cha pansi. Kutentha kukatsika kafani kamauzira, kukakwana kamaleka. 

Wina, ndipo mwina ndi inu, afunsa ngati zonsezi zili ndi ntchito m'dziko limene mapiri ake akumetedwa mpala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, kuti akaletse ootcha makala. Tili ndi ndondomeko ya dziko yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027, ndipo matumba akutsikabe ndi njinga m'bandakucha uliwonse. Uvuni wa dothi umameza makilogalamu a mtengo osachepera 5, nthawi zambiri kuyandikira 10, kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Kuwamba nyama maola 12 pa makala otere kungaoneke ngati mwano kwa mitengo. Ndikuvomera kuti amene akuchita zosangalatsa zotere alibe chowiringula: agule makala a chilolezo, ochokera m'minda ya mitengo yobzalidwa monga ya Kawandama Hills ku Viphya, kapena oumbidwa kuchokera ku utuchi ndi zotsalira za m'munda, zomwe ife timangozitentha pamene Ford anaona ndalama zaka 100 zapitazo. Koma funso lomweli likutembenukira wofunsayo. Mgolo wotsekeka bwino umatha usiku wonse ndi dengu limodzi la makala. Chiwaya chotsegula, chokhala ndi nduna yake pambali, chingathe makala ochuluka chomwecho masana amodzi, theka la kutenthako likupita kumwamba, ndipo nyama ikatha makala ofiira amasiyidwa kuti anyeke okha mpaka phulusa. Wa mgolo akamaliza amatseka zibowo zonse, moto umafa, makala otsala amawagwiritsanso ntchito sabata yamawa. Wowononga pa awiriwa ndi uti?

Ndipo nzeruyi si ya anthu a brisket okha. Ku Ghana, m'dera la asodzi la Chorkor mumzinda wa Accra, mu 1969 akatswiri a boma ndi a bungwe la FAO pamodzi ndi amayi owamba nsomba anakonza uvuni wa makoma a dothi, wa timakhomo ta moto, wosanjikiza mathireyi a nsomba pamwamba kuti utsi ndi kutentha zisathawe. Unafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa chifukwa umadya nkhuni zochepa. Owamba milamba ku Chilwa ndi owamba chambo ku Mangochi akulimbana ndi funso lomwelo la Jim Minion, kusiyana kwake n'kwakuti kwa iwo yankho lake ndi fizi ya mwana. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire lathu latsala lochepa.

Zonsezi zimagwa ngati mgolo ukudontha mpweya. Chivundikiro chopindika, kachitseko kosafika, mabowo oboola ndi msomali paliponse pamene mmisiri anaona kuti pakongola: mgolo wotere sumvera chala cha munthu, umamvera mphepo, ndipo mwini wake amasanduka nduna ya moto ngakhale asakufuna. Choncho pempho langa likupita kwa inu amisiri owotcherera zitsulo a ku Ndirande, ku Mchesi ndi kwina konse kumene migolo ya malita 200 imadulidwa. Musalandire mgolo umene munali mankhwala a mbewu kapena china chimene simukuchidziwa. Chivundikiro chikhale chokhala bwino, dengu la makala likhale lokwezeka kuti phulusa lizigwera pansi, ndipo chibowo cha pansi muchiikire kachitsulo kotsetsereka koti munthu angatseke theka kapena chonse. Mukamapereka katunduyo kwa mwini wake, muuzeninso kuti mvula ikayamba asaulowetse m'nyumba kapena m'galaja, chifukwa makala omanidwa mpweya amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene wagonetsa kale mabanja ambiri osadzukanso.